Atatsika Kumwezi

Kwa zaka 31 ndidagwira choko, ndipo sindikumbuka chaka chimene sindidalembe pabolodi maina atatu aja: Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins. Ana ankawaloweza ngati pemphero. Woyamba kuponda pamwezi ndani? Armstrong! Wachiwiri? Aldrin! Chombo chawo chidatera liti? Pa 20 Julayi 1969! Tikafika pamenepo ndinkafufuta bolodi n'kuyamba masamu. Palibe mwana adafunsapo kuti anthuwo atabwerako adakhala bwanji, ndipo ngakhale ine mphunzitsi wawo funsolo silidandibwerere m'mutu.

Lidandibwerera nditapuma pantchito. Mwana wanga wamkazi adandigulira buku lakutha chikuto kwa anyamata oyala mabuku m'khonde la sitolo ku Limbe. Lidali la Aldrin, lotchedwa Magnificent Desolation, lomwe lidatuluka mu 2009. “Bambo, inu mumakonda za mlengalengazi,” adatero akundipatsira. Ndidalilandira ndikuyembekeza nkhani za maroketi. Zoonadi maroketi alimo, koma amathera kumasamba oyambirira. Kotsalako n'kwa munthu amene adatsika kumwezi n'kusowa poponda pansi pano.

Aldrin sadali munthu wamba. Adamaliza wachitatu m'kalasi mwake kusukulu ya asilikali ya West Point mu 1951, ndipo mwiniwake adasimba kuti bambo wake atamva adangofuna kudziwa amene adali woyamba ndi wachiwiri. Kunkhondo ya ku Korea adauluka maulendo 66 nagwetsa ndege ziwiri za adani. Mu 1963 adatenga digiri ya udokotala ku MIT, atalemba za momwe zombo ziwiri zingakumanirane m'mlengalenga. Moyo wake wonse udali makwerero, ukaponda apa maso ali kale pamwambapo. Ali ndi zaka 39 makwererowo adatha. Adayenda pamwezi maola osakwana atatu, atatsika mphindi pafupifupi 20 pambuyo pa Armstrong, ndipo mphindi zimenezo zidamupatsa dzina loti “wachiwiri” mpaka kukalamba.

Atagwera m'nyanja ya Pacific pa 24 Julayi, atatuwo adawatsekera kwaokha mpaka pa 10 Ogasiti poopa kuti abwera ndi tizilombo ta kumwezi. Atatuluka adawazunguza m'maiko oposa 20, mpaka ku Kinshasa adafika. Nthungululu, mamendulo, maphwando a mafumu ndi apulezidenti. Kenaka ng'oma zidaleka, aliyense adabwerera kwawo, ndipo Aldrin adadzuka m'mawa wina osadziwa choti avalire nsapato. Akulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Uyu mame adamupeza ali yekha.

Mu 1971 adachoka ku NASA nabwerera ku usilikali. Adamuika kukhala mkulu wa sukulu ya oyesa ndege zatsopano ku Edwards, ku California, chikhalirecho iye adali asadagwirepo ntchito yoyesa ndege. Zinthu sizidayende. Masiku ena ankangogona chigonere, osafuna kuona munthu. Adamugoneka milungu inayi m'chipatala cha asilikali cha Wilford Hall ku San Antonio, kunja kukumveka kuti akuchiritsa khosi ndi phewa, pamene chenicheni adali matenda ovutika maganizo. Mu Malichi 1972 adavula yunifolomu.

Apa ndidatseka buku kaye. Mayi wake, amene dzina la kwawo lidali Moon, ndiye kuti mwezi, adadzipha mu 1968, chaka chimodzi mwana wawo asadapite kumweziko. Agogo ake akuchimuna, bambo a mayi akewo, nawonso adadzipha. Munthu ameneyu adakwera roketi atasenza mtolo umenewu, dziko lonse likumuona pa wailesi ya kanema, koma palibe adauona mtolowo. Madokotala adamuyeza mtima, mapapo ndi magazi kambirimbiri. Makina oyezera chisoni adalibe.

Chimene ndimamulemekezera Aldrin si mwezi ayi. N'chakuti mu 1973 adalemba buku lotchedwa Return to Earth, naulula poyera kuti ngwazi ya dziko idagona m'chipatala chifukwa cha maganizo. Nthawi imeneyo kwawoko, monganso kwathu kuno, mwamuna sankalira, makamaka msilikali. Komatu kuulula sikudamuchiritse. Mowa udalowa pamene padachoka ntchito. Banja lake ndi Joan, mayi wa ana ake atatu, lidatha mu 1974. Lachiwiri lidayamba mu 1975 n'kutha mu 1978. Pofika 1977 munthu amene chithunzi chake chidali m'mabuku a sukulu padziko lonse adali kugulitsa galimoto za Cadillac ku Beverly Hills. Ogula ankabwera, n'kumufunsa za kumwezi, n'kumupempha kuti awasainire dzina, n'kumapita. Iye akuti sadagulitse ngakhale imodzi. Tsiku lina, ataledzera, adathyola chitseko cha chibwenzi chake ndipo apolisi adamunjata.

Tsono ndinene zanga, popeza sindidawerenge bukuli ngati munthu wongodutsa. Ine sindidapite kumwezi, ndidangokhala hedimasitala wa sukulu ya kumudzi. Koma belu linkalira ine ndikalamula, makolo ankavula chipewa, pamaliro ankandipatsa mpando wa kutsogolo. Atandichitira phwando lotsanzikana n'kundipatsa wotchi ya pakhoma, Lolemba lotsatira ndidadzuka 5 koloko mwachizolowezi, kusamba, kumanga tayi, kenaka n'kukhala pakhonde. Belu lidalira kusukuluko popanda ine. Pasadathe miyezi itatu ndidali nditapeza benchi yanga kuseri kwa golosale, kumene anthu ankanditchulabe “ahedi” malinga ndawagulira botolo. Penshoni inkathera komweko. Mayi a kunyumba ankangoti, “Bambo a Chisomo, nsima yazizira,” osawonjezerapo kanthu. Ndikadakonda akadandilalatira.

Choncho pamene ndidafika pa Okutobala 1978, mwezi umene Aldrin adamwa botolo lake lomaliza, ndidawerenga pang'onopang'ono ngati ndikuchonga mayeso, kufuna kupeza mankhwala ake. Ndidakhumudwa pang'ono. Padalibe chozizwitsa. Adagwa n'kudzuka kangapo, adagona m'zipatala za zidakwa, adakhala pamipando yolimba ya misonkhano ya Alcoholics Anonymous pakati pa anthu amene sankasamala za mwezi. Kumeneko adali chidakwa ngati anzake, ndipo ndikuganiza kuti n'koyamba m'moyo wake kukhala pamalo popanda womufunsa nambala imene wakhoza.

Sindikunena kuti kuchokera apo zonse zidali myaa. Adapeza chomudzutsa m'mawa, kulimbikitsa ulendo wa ku Mars, mpaka kukonza njira yoti chombo chizizungulira pakati pa dziko lino ndi Mars. Ukali sudamuchoke: mu 2002, ali ndi zaka 72, adamenya chibakera Bart Sibrel, amene adamutchula wabodza ponena kuti kumwezi sadapiteko. Mu 2016 adapita ku South Pole ali ndi zaka 86, nadwala, mpaka adamunyamula pandege kukamugoneka ku Christchurch. Mu 2018 adasumira ana ake awiri pankhani ya chuma, ndipo mlanduwo adauthetsa chaka chotsatira. Adakwatiranso kachinayi pa 20 Januwale 2023, tsiku limene adakwanitsa zaka 93. Ena amati ndi nkhalamba yosakhazikika. Mwina n'zoona. Ine ndimangowerenga zaka zimene adakhala osalawa dontho, popeza ndikudziwa kulemera kwa tsiku limodzi lokha.

Anga masiku akwana miyezi 14. Ndimaphunzitsa ana a anansi masamu pakhonde Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo njira ya kugolosale ndimailambalala ngakhale ili yachidule.

Pa Khirisimasi mwana wanga adabwera kudzationa. Ndidatenga buku lija n'kumuonetsa tsamba la nkhani ya galimoto za Cadillac, limene ndidalipeza litapindidwa kale pangodya. Ndidamufunsa ngati adalipinda ndi iye.

“Ine bambo? Ndidagula lili choncho,” adatero, maso ali m'mbale ya nyemba imene ankasankha.