Loko wa mpeni wopinda: wolimba ndi uti?

Ntchito yanga ndi yonola ndi kukonza mipeni. Zikwanje, masizasi ndi mipeni ya m'butchala ndiye zimandidyetsa, koma imene imandivalitsa magalasi ndi yopinda ija ya m'thumba. Mpeni wotere ukapindika mwadzidzidzi umagwera pa zala za mwini wake, n'chifukwa chake makasitomala salephera kufunsa kuti, "Amisiri, loko wolimba ndi uti?"

Poyankha ndimayamba ndachotsapo mipeni yopanda loko. Yambiri ing'onoing'ono ya Victorinox ili ndi sipuling'i chabe pamsana, yongokanikiza kuti mpeni usagwedere. Posendera zipatso kapena kudula chingwe ndi yabwino zedi, koma ukaukankha kumsana umapindika, chifukwa anaupanga kuti uzitero.

Okapi amaidziwa aliyense. Inayambira ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuchokera mu 1988 imapangidwa ku South Africa. Sipuling'i yake ili panja, pamsana pa chogwirira. Kadzino ka mpeni kamalowa m'kabowo ka sipuling'iyo, ndipo potseka umakoka mphete. Mphamvu yonse yagona pa kadzinoko ndi pa kamsomali kogwira sipuling'i. Ubwino wake ndi woti zonse zili poyera, ndiye chikaperepeseka umachiona msanga. Opinel ya ku France nayo ili ndi mphete, koma yozungulira pakhosi, imene anaiwonjezera mu 1955. Ndi loko wothandiza pa ntchito zopepuka, ngakhale mtengo wa chogwirira umafufuma ukanyowa, mpeni n'kumavuta kutsegula.

Pa katundu wolemera ndimadalira lockback, amene anatchuka ndi Buck 110 mu 1964. Kachitsulo ka pamsana kali ndi ngowe yogwera mumpata wa mpeni, ndipo kuti mpeniwo upindike pamafunika ngoweyo ithyoke kapena itumphuke. Andrew Demko anawonjezera msomali wolandira mphamvu pakati pa ngowe ndi mpeni, pa loko wa Cold Steel wotchedwa Tri-Ad. Mdani wa lockback ndi zinyalala za m'thumba. Ulusi ndi fumbi zikadzaza mumpata, ngowe imangokhala pamwamba. Imalira bwinobwino kuti "kha!", chonsecho sinalowe.

Liner lock, imene Michael Walker anaikonza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndi kachitsulo kopyapyala ka m'kati kamene kamadumphira kumbuyo kwa mpeni ngati mtengo wotsamiza chitseko. Imatsekeka ndi dzanja limodzi, ndiye anthu amaikonda. Koma pamene kachitsuloko kamakumana ndi mpeni pamafunika kupendekeka kokwanira ndendende. Kukachuluka, loko amaterereka, kukachepa, amakakamira. Chris Reeve, mmisiri wa ku Durban amene anasamukira ku Idaho, anachita kuti mbali ya chogwirira chenicheni ikhale loko, wotchedwa frame lock, pa mpeni wake wa Sebenza. Chitsulo chake n'chochindikala, ndipo dzanja likafumbata limathandiza kukanikiza lokoyo. Palinso Axis ya Benchmade, kamsomali kopingasa kumbuyo kwa mpeni. Ndi yolimba, ndipo potseka zala sizikhala panjira, koma imadalira timasipuling'i tiwiri towonda.

Mpeni ukafika pa benchi yanga, dzina sindiliwerengera. Ndimaupana pa vayisi n'kugwedeza chogwirira m'mbali ndi m'mwamba. Kugwedera m'mbali nthawi zambiri ndi msomali wa pakati, ndipo kumatha ndi kumanga. Kugwedera m'mwamba ndiye matenda a loko. Kenako ndimauyang'ana padzuwa kuti ndione polumikizana. Kachitsulo ka liner kakangogwira m'mphepete, kapena kakafika mpaka tsidya lina, mpeniwo sindiubweza usanakonzedwe. Pomaliza ndimagogoda msana wake pang'ono pa thabwa, zala zili kutali. Pa mipeni yotsika mtengo yosadziwika kochokera, ndaonapo lockback wa chitsulo chofewa akugonja pamene liner yosulidwa bwino sinasunthe n'komwe.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti podula, mphamvu imakankhira mpeni kotseguka, ndipo loko amangopuma. Amavutika pobaya, popotokola ndi potukula chivindikiro cha chitini. Ndiye kasitomala akaumirira kuti ndisankhe, ndimati lockback wabwino ndi Axis ali patsogolo, frame lock pambuyo pawo, liner ndi zamphete kenako. Koma ndimamuuzanso kuti azitsuka mumpata ndi kaburashi, azidontheza oyilo pa msomali, azinola mpeni usanabunthe, poti mpeni wobuntha ndi umene umakakamiza munthu kukankha mwamphamvu. Ndipo ngati akufuna wowazira nkhuni, ndimamusonyeza chikwanje.