Mthunzi wa M'mbali mwa Lingadzi

Kwa zaka zambiri, mkulu wina wa ku Kawale, amene adali mesenjala ku Capital Hill, ankalaŵirira ku ntchito wapansi kudzera mumsewu wa Kenyatta. Mitengo ya mbawa ya m'mbali mwa msewuwo inkam'patsa mthunzi, ndipo akafika pa mlatho wa Lingadzi ankayamba waima n'kusuzumira m'nkhalango.

Nkhalangoyi ili pakati pa tauni yakale ndi yatsopano ya Lilongwe, mzinda umene udasanduka likulu la Malaŵi mu 1975. M'menemo muli mikuyu ndi mithethe, apusi, agwape, mbawala, nungu ngakhalenso afisi. Nyamazi zimatsata mtsinje pofuna chakudya ndi madzi, motero zimafuna tchire losadukizadukiza.

Mu 1975 mkuluyu adali mnyamata. Pofika mu 2021 n'kuti atapuma pantchito. M'chaka chimenecho boma lidayamba kukuza msewu uja kuti galimoto zisamathithikane, ndipo mbawa zambiri zidagwetsedwa. Atamva, adatenga mdzukulu wake kuti akadzionere yekha. Adapeza zitsa zokhazokha, dzuŵa likuswa mtengo.

"Agogo, bwanji mwangoti chete? Si paja mumadandaula kuti minibasi imachedwa pamsewu uno?" adafunsa motero mwanayo.

Funsoli lidamulasa mtima, pakuti lidali loona. Iye yemwe ankaulakalaka msewu wotakasuka, ndipotu walira mvula walira matope. Komabe chidamuŵaŵa n'chakuti mbawa imatenga zaka makumimakumi kuti ikhwime, koma makina amaigwetsa m'kanthaŵi kochepa. Mtengowu ukusoŵa kale m'madera ambiri chifukwa anthu amaukonda pocheka matabwa. Adaganizanso za gwape amene tsopano ayenera kudumpha phula lotambalala usiku, nyali za galimoto zikum'thobwa m'maso.

"Mdzukulu wanga, msewu ndi wabwino," adayankha, "koma msewu amatha kuukhotetsa. Mtengo sungasamuke."

Madzi akatayika saoleka. Mkuluyu sadakadandaule kwa munthu aliyense. Adaŵerama pansi pa mbawa ina imene idapulumuka, natola njere zake zopyapyala zija, nazimanga m'kampango. Kunyumba adazifesa m'timachubu, ndipo ntchito yothirira adaipereka kwa mwanayo.

Ankadziŵa kuti mthunzi wake sadzaukhalamo, ndiponso kuti mbande zoŵerengeka si nkhalango. Chimene ankafuna n'chakuti tsiku limene ena adzabwere ndi zingwe zoyezera m'mbali mwa Lingadzi, padzapezeke munthu wodziŵa kuvuta kwa kulera mtengo, amene adzafunse asanadule.