Chikuta Chachiwiri

Kubala mwana ndi ntchito yaikulu, ndipo ntchito yaikulu iliyonse imasiya chizindikiro pa thupi la woigwira. Makolo akale anali kudziwa zimenezi. Chifukwa chake mkazi akabala anali kukhala m'chikuta masiku angapo osagwira ntchito. Amayi aakulu anali kumthowa ndi madzi otentha, nam'manga pamimba ndi nsalu kuti thupi libwerere m'malo mwake.

Kwa akazi ambiri thupi limabwereradi, koma alipo ena amene nsalu siwathandiza. Chifukwa chake ndi ichi. Kutsogolo kwa mimba kuli minofu iwiri yaitali, yochokera kunsi kwa nthiti kufikira pachinena. Mwana akamakula m'mimba, minofuyo imatalikirana kuti impatse malo. Kawirikawiri imabwererana pakatha milungu 8 mwana atabadwa. Koma nthawi zina pamatsala mpata woti n'kulowa zala ziwiri kapena kuposerapo, makamaka kwa mayi amene wabala mapasa kapena ana ambiri. Khungu nalo likatanuka kopitirira muyeso limangolendewera, ndipo silibwereranso.

Pali opaleshoni yokonza zimenezi. Madokotala amaitcha abdominoplasty, koma anthu wamba olankhula Chingerezi amangoti tummy tuck. Nkhani ino ndi ya mayi wina amene anachitidwa opaleshoni imeneyi, ya mantha ake, ndi ya kuchira kwake.

Mayiyo kwawo kunali ku Dedza, koma anapita ndi mwamuna wake kukakhala ku Manchester, m'dziko la England. Kumeneko anali kugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Tsiku ndi tsiku anali kuwasambitsa, kuwaveka, ndi kuwadzutsa pakama. Anali ndi ana atatu: mtsikana wachisamba, ndi mapasa aamuna.

Mapasawo atabadwa, mimba yake sinabwerere. Panapita chaka, panapita zaka ziwiri, koma anthu omuona anali kumfunsabe kuti, "Kodi muli ndi pakati pena?" Akatsokomola, pakati pa mimba panali kutukumuka ngati mzere wa m'munda. Msana unali kumpweteka akaweruka ku ntchito. Pansi pa khungu lolendeweralo panali kusungika thukuta, napachita zilonda zoyabwa. Akatswiri a mafizo anamphunzitsa zolimbitsa minofu, ndipo iye anazichita mokhulupirika miyezi yambiri. Zinamthandiza pang'ono, koma mpatawo sunatsekeke.

Ku Britain kuli zipatala za boma zotchedwa NHS, zimene zinayamba m'chaka cha 1948. Zipatala zimenezi sizichita opaleshoni yotere kawirikawiri, pakuti imawerengedwa ngati yokongoletsa thupi. Wofuna ayenera kulipira yekha ku chipatala cholipira, ndipo mtengo wake ndi mapaundi zikwi zingapo. Tsono mayiyo analowa chipereganyu ndi anzake, nasunga ndalama pang'onopang'ono. Pamene ndalamazo zinali zosakwana mtima wake unali phee. Koma tsiku limene zinakwana, mantha anamgwira.

Mantha oyamba anali a tulo ta mankhwala. Usiku anali kuyang'ana ana ake ali m'tulo, nadzifunsa kuti, "Nanga ndikapanda kudzuka, ana awa adzawalera ndani?" Mantha achiwiri anali a bala. Pa ntchito yake anaona zilonda za okalamba zimene zinali kukana kupola, ndipo anali kudziwa fungo lake. Koma mantha aakulu kopambana anali a pakamwa pa anthu. Mkazi akafa pobala, mudzi wonse umamlira ndi ulemu. Nanga mkazi wofa chifukwa chofuna kukonza mimba yake, anthu adzanena chiyani pamaliro? Adzati anasiya ana amasiye chifukwa cha kunyada.

Atauza amayi ake pa lamya, iwo anakhala chete kanthawi, kenaka nati, "Mwanawe, mimba imeneyo ndiyo ulemu wako. Ine ndabala ana asanu ndi awiri, koma sindinapite kwa munthu kuti andidule. Kodi ufuna kubwerera ku utsikana?"

Iye anayankha kuti, "Iyayi amayi, utsikana sindiufuna. Ndifuna kugwira ntchito yanga popanda kugwira msana, ndi kuchira zilonda izi." Koma atatsitsa lamyayo analira, pakuti mumtima mwake anadziwa kuti analinso kulakalaka kuvala diresi lomkhala bwino monga kale, ndipo anachita nazo manyazi.

Mwamuna wake anampeza akulira, namva zonse. Ndipo anati, "Amake mapasa, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kwa ine ndinu okongola monga muliri, ndipo sindinakutumeni kuchita zimenezi. Koma thupi ndi lanu, ululu ndi wanunso. Kufuna kuoneka bwino si mlandu. Chimodzi chokha ndikupemphani: musapite kumeneko ndi mantha osadziwa dzina lake. Lembani mafunso anu onse, tikafunse."

Anachitadi chomwecho. Poyamba anafufuza ngati dzina la dokotalayo linali m'kaundula wa akatswiri wa General Medical Council, bungwe limene limalemba madokotala a m'dzikomo. Atalipeza, anapita ndi pepala lodzaza mafunso.

Dokotala sanabise kanthu. Anafotokoza kuti amacheka mzere wautali kunsi kwa mimba, kuchokera mbali ina ya chiuno kufikira mbali inzake, ndi kamzere kena kozungulira mchombo. Kenaka amatukula khungu, nasokerera minofu iwiri ija pamodzi, nadula khungu lotsala, natulutsira mchombo pa kabowo katsopano. Ntchito yonse imatenga maola 2 mpaka 5. Anati opaleshoniyi si njira yochepetsera thupi, ndipo ndi bwino kuichita mkazi atatsimikiza kuti sadzabalanso, pakuti pakati pena pangathe kutanulanso minofu yosokedwayo. Za msana anati, "Kwa ena ululu umachepa, koma ine sindingakulonjezeni."

Anatchulanso zoopsa zake chimodzichimodzi. Bala lingathe kulowa tizirombo, kapena kuchedwa kupola, makamaka kwa osuta fodya ndi odwala matenda a shuga. Madzi angathe kusonkhana pansi pa khungu. Khungu la kunsi kwa mchombo limachita dzanzi miyezi yambiri, ndipo kwa ena dzanzilo silitha. Chipsera sichidzachoka, ndipo pa khungu lakuda chingathe kuda kwambiri kapena kutukumuka. Choopsa chachikulu ndicho magazi oundana m'mitsempha ya m'miyendo, amene akathamangira ku mapapo angathe kupha munthu. Pomaliza anati, "Pitani kunyumba mukaganize milungu iwiri. Mukasintha maganizo, palibe mlandu."

Chodabwitsa n'chakuti mayiyo anatuluka m'chipindamo mtima utapepuka, ngakhale anamva zoopsa zambiri kuposa zimene anali kuzidziwa. Mantha ake tsopano anali ndi mayina, ndipo dzina lililonse linali ndi chochita chake. Anazindikiranso kuti njira imeneyi si yatsopano. Mankhwala ogonetsa anaonetsedwa poyera koyamba mu 1846 ku Boston, m'dziko la America, pamene William Morton anagonetsa wodwala ndi mpweya wa ether. Mu 1867 Joseph Lister wa ku Glasgow anafalitsa njira yophera tizirombo pa mabala. Mu 1899 Howard Kelly wa ku Baltimore analemba za mayi amene anamchotsa khungu ndi mafuta a pamimba olemera kuposa makilogalamu 7. Ndipo mu 1967 Ivo Pitanguy wa ku Brazil anafotokoza za odwala 300 amene anawachita opaleshoni ya mtundu umenewu. Masiku ano munthu akagonetsedwa, dokotala wina amakhala kumutu kwake nthawi yonse, kuyang'anira mtima ndi mpweya wake.

Milungu iwiri itatha, mayiyo anavomera. Pa tsikulo sanadye kanthu maola 6, monga anamuuzira. Anamveka masokosi othina othandiza magazi kuyenda, nam'baya jekeseni pamkono. Anakumbukira denga loyera ndi mawu a namwino; kenaka anangomva wina akumuitana dzina lake, ndi kumuuza kuti zonse zatha.

Apa mpamene anaphunzira kuti walira mvula walira matope. Mimba inali yokungika ngati ng'oma. Timapaipi tiwiri tinali kutulutsa madzi ofiirira pabala. Iye anafuna kungogona osagwedezeka, koma anamwino sanalole. Anamdzutsa kuti ayende, pakuti kuyenda ndiko kumaletsa magazi kuundana. Anayenda mapazi owerengeka ali chiweramire, ngati nkhalamba yosenza mtolo wa nkhuni. Potuluka m'chipatala anamchenjeza kuti akaona mwendo watupa ndi kupweteka, kapena akabanika ndi kumva ululu pachifuwa, abwerere msanga osadikira kuti kuche.

Kunyumba anali kugona chagada, mitsamiro ili pansi pa mawondo kuti bala lisakokeke. Pofuna kutsokomola kapena kuseka anali kuyamba wakumbatira mtsamiro pamimba. Usana ndi usiku anali kuvala lamba wotanuka womanga mimba. Mankhwala opha ululu anali kummanga m'mimba, kotero kuti anayenera kumwa madzi ambiri ndi kudya masamba ndi zipatso.

Koma chowawa kopambana sichinali bala. Anamletsa kunyamula chinthu cholemera kwa milungu 6, ndipo mapasa aja sanamvetse. Anali kuimirira patsogolo pake manja ali m'mwamba, nalira kuti awanyamule, iye nangowasisita kumutu. Mwamuna wake anapempha tchuthi cha sabata limodzi; litatha, amayi anzake a ku Malawi okhala m'mzindawo anagawana masiku. Wina anali kubwera ndi phala m'mawa, wina kuphika nsima, wina kuperekeza ana ku sukulu. Mayi wina wachikulire ndiye anali kumsambitsa. Tsiku loyamba anachita manyazi kwambiri. Zaka zonsezo anali kusambitsa okalamba, koma sanadziwe kulemera kwake kwa kuima wopanda chovala pamaso pa munthu wina, ndi kudikira kuti akuthandize.

Sabata lachiwiri linali la chisoni. Mimba inatupa, nioneka yaikulu kuposa kale. Bala linali lakuda ndi lamakwinya. Anadziyang'ana pa kalirole, nati mumtima, "Ndataya ndalama za ana, ndadzipundula ndekha." Pofuna kudzionetsa kuti ali ndi mphamvu, sabata lachitatu ananyamula dengu la zovala zonyowa, nakwera nalo makwerero. Patapita masiku awiri anamva madzi akukhutchumuka pansi pa khungu akamayenda. Anathamangira ku chipatala ali ndi mantha. Dokotala anati ndi madzi aja anawatchula kale, ndipo si chinthu chachilendo. Anawakoka ndi singano, nabwerezanso sabata lotsatira, namuuza kuti apumule.

Madzulo ake anaimbira amayi ake, amene chichitikire opaleshoniyo anali kungofunsa za moyo wake kudzera kwa mkamwini. Anawafotokozera za lamba, za phala, za mayi womsambitsa, ndi za dengu lija. Amayi akewo anaseka pang'ono, nati, "Ndiye kuti uli m'chikuta, mwana wanga. Wam'chikuta sasinja, satunga madzi. Pobala ana ako unali kutali, sindinakuthowe, ndipo unadzuka msanga kukagwira ntchito. Tsono khala pansi. Mwana wa chikuta ichi ndiwe wemwe." Za kunyada sanazitchulenso.

Kuyambira tsiku limenelo analeka kupikisana ndi bala. Anavomera kudyetsedwa ndi kutumikiridwa. Mapasa anawaphunzitsa kukwera okha pa mpando ndi kukhala pambali pake, ndipo anali kuwafungatira ali pomwepo. Tsiku lililonse anali kuyenda pang'ono kuposa dzulo lake. Msana unawongoka, nayamba kuyenda chilili. Milungu 6 itakwana dokotala anamlola kuvula lamba ndi kubwerera ku ntchito, kuyamba ndi zopepuka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kutupa kunatha pang'onopang'ono pa miyezi yambiri. Chipsera chinayamba chakuda ndi cholimba, koma chaka chitatha chinafewa, ngakhale chinakhalabe choonekera. Kunsi kwa mchombo kunatsala kadera kadzanzi kofanana ndi chikhatho. Zilonda zoyabwa zija zinatheratu. Msana sunachire kotheratu, koma unali kumlola kumaliza ntchito ya tsiku. Ndipo anzake a ku ntchito anaona kuti posambitsa okalamba anali kuyamba wawafunda thaulo, ndi kuwauza chimene afuna kuchita asanawakhudze.

Akazi ena atamva za iye anali kubwera mwamseri kudzafunsa. Iye sanali kukopa munthu, ndiponso sanali kuletsa. Anali kuwauza kuti ayambe ayesa mafizo, pakuti ambiri amachira ndi zimenezo popanda mpeni. Anali kuwaonetsa chipsera chake chonse, kuti adziwe mtengo wake weniweni. Ndipo kwa wotsimikiza mtima anali kunena kuti, "Musapite chifukwa mwamuna wakunyozani, kapena chifukwa anthu akusekani. Funsani dokotala kufikira mafunso atakutherani. Ndipo musanawerenge ndalama, yambani mwawerenga anthu amene adzakuphikirani ndi kukulererani ana milungu 6 imeneyo. Ngati simunawapeze, nthawi yake sinakwane."