Nanga Atsibweni Ake Anali Kuti?

Tikamayendera ophunzira athu pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa m'masukulu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Malindi kufikira ku Monkey Bay, sitilephera kupeza wina atasankha nthano ya Cinderella kuti ana achite seŵero lotsekera chaka. Ife sitiletsa. Nthanoyi ili ndi mwana wozunzika, anthu ankhanza oti oonerera aŵanyoze, ndi chimwemwe pamapeto. Koma mphunzitsi akangoitola m'buku n'kuiika pabwalo monga momwe ilili, makolo amaonerera mokayika, ndipo chifukwa chake n'chimodzi.

Mabanja ambiri a kuno, Ayao ndi Anyanja omwe, ndi achikamwini. Mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi, ndipo ana ndi a mbumba ya mai ao. Mai akamwalira, mwana amatsala m'manja mwa agogo ake ndi abale a mai ake, atsibweni akuyang'anira. Bambo ndiye amachoka. Tsono makolo akaona mtsikana akugona paphulusa m'nyumba ya mai womupeza, amafunsana chapansipansi kuti, "Nanga atsibweni ake anali kuti?" Funsoli likapanda kuyankhidwa, seŵero lonse limasanduka nkhani ya Azungu yosaŵakhudza.

Yankho lake likhale chigawo choyamba cha seŵero. Pa madooko a asodzi monga Msaka ndi Chembe pali anthu ochokera kutali amene anatsata usipa ndi utaka. Bambo wotere akaferedwa mkazi n'kukwatira wina pomwepo, mwana amakhaladi wopanda womuyankhulira, pakuti abale a mai ake ali kutsidya kapena kumpoto. Mtsikanayo mumutche Naphulusa, aziyanika usipa pathandala abale ake opeza akudzola mafuta, ndipo palibe kholo limene lidzafunsanso.

Musaope kuti mukuononga nthano ya eni ake. Charles Perrault, amene anailemba ku France mu 1697, ndiye anaikamo dzungu losanduka ngolo ndi nsapato ya galasi. M'buku la abale aŵiri a Grimm, lotuluka ku Germany mu 1812, dzungu mulibe: mtsikana amathandizidwa ndi mtengo womera pa manda a mai ake pamodzi ndi mbalame. Ku China nthanoyi inalembedwa m'zaka za m'ma 800, ndipo wothandiza mtsikanayo, dzina lake Ye Xian, ndi nsomba imene mai womupeza anaipha, mafupa ake n'kukhala omupatsa zovala. Kwa mwana wa ku Mangochi, nsomba yoyankhula ndi yapafupi kuposa ngolo ya akavalo imene sanaionepo. Ife timakonda chambo chachikulu cha makatoni, chonyamulidwa ndi ana anayi.

Vuto lina ndi chiŵerengero. Nthanoyi ili ndi malo a anthu osakwana 10, pamene kalasi lingakhale ndi ana 80. Apa mwambo wathu wa nthano umatipulumutsa. Pakhale wokamba woyamba ndi "Padangokhala," ena onse avomere "Tili tonse," ndipo ovomerawo akhale nyanja, akhale mbalame, akhale khamu la kuchikondwerero cha mfumu. Nyimbo apeke okha, ndipo akaipeka m'Chiyao muisiye momwemo. Mwana amene amachita manyazi ndi Chicheŵa m'kalasi amatsegula pakamwa akamaimba m'chiyankhulo cha kwao. Ngati ndi nyengo ya mwera, oseŵera afulatire mphepo kuti mawu apite kwa omvera. Tsiku lisakhale Lachisanu masana, pakuti makolo ambiri amakhala ali ku mzikiti.

Chotsala ndi kugaŵa malo, ndipo apa tikupemphani kudekha. M'kalasi lililonse muli ana amasiye enieni, ena a iwo akugonadi kukhitchini. Mwana wotere musamupatse malo a Naphulusa poganiza kuti adzalira bwino, pakuti anzake adzamuitana dzinalo kufikira atasiya sukulu. Musasankhenso mtsikana woyera khungu kukhala mfumukazi ndi akuda kukhala abale oipa; ana amaona zimenezi msanga kuposa ife. Malo a mai womupeza apatseni mnyamata wanthabwala wovala chitenje ndi duku, kuti mai aliyense wolera mwana wa mnzake amene wakhala pamkeka tsikulo aseke nao momasuka.