Liwu Lakuti Quan

Anthu a ku China ali ndi liwu lalifupi lakuti quan, limene limamveka ngati "chuwen". Limatanthauza chinthu chathunthu, chosapereŵera kanthu. Polemba liwuli amajambula timizere 6: tiŵiri pamwamba tonga denga la nyumba, ndipo 4 pansi pake toimira mwala wamtengo wapatali wopanda banga. Politchula, mawu ayenera kukwera. Munthu akayamba watsitsa mawu n'kukwezanso, ndiye kuti wanena "galu"! Ngakhale m'Chicheŵa, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana kamvekedwe.

Mtsikana wina wa kumudzi, m'chigawo cha Sichuan, anaphunzira liwuli kusukulu. Aphunzitsi analiphatikiza ndi mawu ena. Quanguo ndi dziko lonse, quanjia ndi banja lonse, pamene quanjiafu ndi chithunzi cha banja lonse.

Liwu lomalizali linamsautsa mtima mtsikanayo. Makolo ake ankagwira ntchito m'fakitale ku Shenzhen, mzinda wakutali ndithu, ndipo iye ankakhala ndi agogo ake. Ana otere ngambiri ku China. Makolo awo amabwera kamodzi pachaka, pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano cha kumeneko, mu Januwale kapena Febuluwale.

Tsiku lina wojambula zithunzi anafika pamudzipo.

"Tiye atijambule, mdzukulu wanga," anatero agogo.

"Pepani agogo, aŵirife si quanjia," iye anayankha mwaulemu.

Agogo anamanganso ndalama zija pansonga ya kansalu. Makolo atafika, onse anayi anaima pakhomo najambulitsa. Kuseri kwa chithunzicho mtsikanayo analemba timizere 6 tija mosamala.