Nkhata ya Manambala

Anzanga, alipo masewera ena osafuna mpira kapena bwalo, koma pensulo ndi kope la Masamu la timabokosi basi. Lembani 1 pakati pa tsamba, 2 kumanja kwake, 3 pamwamba pa 2, 4 ndi 5 chakumanzere, 6 ndi 7 chotsika, ndipo muzingozungulira chotero monga amayi apindira nkhata.

Amene anatchukitsa nkhata imeneyi ndiye Stanislaw Ulam, katswiri wa ku Poland amene ankagwira ntchito ku America. M'chaka cha 1963 anatopa nayo nkhani yaitali pa msonkhano wina, nayamba kulemba manambala motere. Anaona kuti manambala osagawika, amene agawidwa ndi 1 ndi iwo eni okha, akonda kundanda m'mizere yopendekeka, monga 5, 19, 41 ndi 71.

Koma funso langa ine ndi lina. Nambala iliyonse yazingidwa ndi anansi 8. Manambala awiri ndiwatcha apachibale ngati pali nambala yoposa 1 imene iwagawa onsewo popanda chotsala, monga 3 agawira 6 ndi 15. Tsono ndiwerenga abale amene nambala ili nawo mwa anansi ake. Kuyambira pa 1 kufikira pa 11 ndinapeza mndandanda uwu: 0, 4, 2, 4, 1, 4, 1, 4, 1, 5, 0.

Manambala ogawika ndi 2 ali ndi mwayi ndithu, pakuti m'ngodya zawo zonse zinayi mukhala a mtundu wawo. Nambala 10 ionjezapo wachisanu, ndiye 25 amene akhala pansi pake.

Amene andimvetsa chisoni ndiwo osagawika aja. Mbale wa 7 ayenera kukhala 14, 21, 28, ndi otero. Ndipo 21 alipodi pa ngodya pake. Koma 11 alibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale 13, 17 ndi 19. Ife amene tinafika m'chigono osadziwa munthu tiudziwa bwino umasiye wotere!

Munthu angaganize kuti chibale chathera pa 7. Iyayi! Pitirizani nkhata yanu kufikira 49, muyang'ane pansi penipeni pa 23. Pali 46, ndiye 23 kawiri. Pamenepa ndinakondwa monga ndalandira kalata ya kwathu.

Kodi alipo wina wamwayi wotere patsogolo? Ine ndinena kuti palibe. Mnansi wamkulu wa 29 ndi 55, koma pafunika 58. Wa 47 ndi 79, koma pafunika 94. Nkhata ikamakula, mnansi wamkulu aperewerabe kwambiri kufika pa kawiri, kotero kuti 23 ndiye womaliza. Wokana abwere ndi kope lake Loweruka masana, tidzawerengere pamodzi.