Mchesi isanadziwe kiyibodi

Masiku ano mpingo ukangoyamba ku Mchesi, ngakhale wa anthu ochepa osonkhana m'kalasi yobwereka, choyamba kusonkherana ndi kiyibodi ndi zimkuzamawu. Mabenchi amabwera pambuyo, chikhalirecho akalipentala ali pakhomo pomwepo.

Limba lenileni, lija la mipope, ambiri a ife tinkangomva mbiri yake. Linali la ku mishoni zikuluzikulu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene m'busa David Clement Scott anamanga ndi anthu akuno kuyambira 1888 mpaka 1891, chinalandira limba lake mu 1907. Pa limba lotere mpope uliwonse uli ndi liwu limodzi basi: wautali umagunda pansi, waufupi umalira mwanthetemya. Kalelo mpweya wake unkachokera m'mvukuto wonga wa wosula makasu, ndipo wina ankakhetsa thukuta kupopa kuseri pamene ulemu ukupita kwa wokhala kutsogolo. Chida chimenechi chimadya ndalama, chimafuna mmisiri wake, ndipo sichigwirizana ndi chinyezi, chiswe kapena fumbi. Amene analawapo fumbi la Lilongwe mu Okutobala akudziwa kuti ku Mchesi, ku Biwi kaya ku Kawale sichikanakhalitsa.

Koma usaganize kuti kunali zii. Amishoni a Dachi, amene anafika ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazikika ku Nkhoma mu 1896, anasiya kuchigawo chapakati anthu odziwa kuimba m'mawu anayi. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, makomboni anadzaza ndi anthu ochokera ku Dedza, Dowa, Ntcheu ndi kwina, ndipo ambiri anabwera ndi buku la Nyimbo za Mulungu m'chikwama, lothetheka m'mbali. Mkulu wampingo ankangotchula nambala. Woyambitsa nyimbo ankatsokomola pang'ono, n'kuponya mzere woyamba, mpingo wonse n'kuwulandira. Amayi kumbali yawo, abambo kwawo, besi ikuchita kunjenjemeretsa malata. Panalibe wogawa mawu. Mwana ankakulira pafupi ndi azakhali ake oimba alito, iyenso n'kukhala wa alito osadziwa tsiku lomwe anaphunzira.

Zophophonya zinalipo ndithu. Woyambitsa akaponya nyimbo pamwamba, pofika ndime yachitatu agogo anali atatsala m'njira, mitsempha ili njo pakhosi. Nyimbo zina tinkazikoka mpaka makanda kugona. Mpingo umene unali ndi kalimba kopalasa ndi mapazi unkayenda monyada, ngakhale kalimbako kankapuma befu mbewa zikaboola mvukuto wake.

Akatolika anatsogola kusintha. Msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatsegula khomo, Chilatini chinapatuka, ng'oma, maseche ndi visekese zinalowa pa Misa. Ku Balaka, Alleluya Band inayamba mu 1978, ndipo mibadwo yotsatira inaona kuti gitala nayenso angathe kupemphera. Kiyibodi ya Yamaha kapena Casio itayamba kupezeka, ndi mipingo yachipentekosite ikuphuka ngodya iliyonse, nkhani inathera pomwepo.

Anyamata a kiyibodiwa sindiwanyoza. Ambiri anaphunzira ndi khutu lokha, ndipo luso lawo limawadyetsa pa maukwati ndi m'masitudiyo. Mlongo akayamba kolasi pamene wafuna, mnyamata amamusaka ndi zala mpaka kumupeza. Chondiwawa n'china. M'bokosimo muli kale ng'oma, besi ndi malipenga, ndiye mpingo watsala ndi ntchito yanji? Oimba asanu agwira maikolofoni, enafe tikuwomba m'manja n'kumagwedeza milomo. Batani limodzi lomwelo ladindidwa, nyimbo ya kulapa ndi ya chopereka zikuvinidwa mofanana. Magetsi akathima pakati pa ndime, anthu amayang'anana kudikira jenereta, ndipo opitiriza nyimbo amakhala aimvi okhaokha.

Mawu anayi aja ukawafuna lero, pita pamaliro usiku, pamene amayi a Chigwirizano akuchezera m'nyumba ya siwa, abambo akuthira besi ali pamoto panja. Ngakhale kumeneko, mabanja opeza bwino ayamba kubwereka zimkuzamawu limodzi ndi tenti ndi mipando.